Za ulendo wa ku Nepal uja, ndi chifukwa chake sindinapepese

Okondedwa amayi, malume, achemwali, alamu, ndi nonse amene mumawerenga makalatawa kuno ku Dubai, ku Sharjah ngakhalenso ku Joni,

Ndikhulupirira amayi mwendo uja wayamba kupepuka.

Lero sindilemba za mitengo ya zinthu ku Deira ngati masiku onse. Pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima, ndipo yabukanso sabata yatha pa gulu lathu la pa WhatsApp, mphwanga wa ku Sharjah atanena kuti akufuna kukaona mapiri a ku Georgia mwezi wa Okutobala. Sipanathe ndi ola lomwe, malume munayankha kuti, "Wayamba matenda a mkulu wake aja." Mkulu wakeyo ndine. Matendawo ndi ulendo umene ndinayenda ku Nepal mu Okutobala 2023. Nthawi imene ija ndinangoti zii, chifukwa mwana sabwezerana mawu ndi malume ake pagulu. Koma poti chikwapu chomwe chinandikwapula ine chatembenukira kwa mwana, ndiloleni ndilankhuleko, mwaulemu.

Ndiyambe ndi mmene tchuthi chimayendera kuno, chifukwa ndaona kuti kumudzi ambiri simudziwa. Lamulo la ntchito limapatsa munthu amene wakwanitsa chaka masiku 30 opuma. Koma tikiti yopita kwathu, kumene ndimagwira ine, amatigulira kamodzi pa zaka ziwiri. Chaka chapakaticho ukafuna kupita, uzionere wekha. Ndiye ambiri timangokhala mu kampu. Anzako akudzuka 4 koloko kukakwera basi, iwe watsala pa bedi lapamwamba, maso kudenga, makina oziziritsa m'chipinda akungolira. Ukatopa ukwera Metro kupita ku Dubai Mall kukaona zinthu zimene sungagule, n'kubwerera. Ndinachitapo zimenezi mwezi wathunthu, ndipo pobwerera ku ntchito ndinali wotopa kuposa mmene ndinachokera.

M'chipinda mwathu ku Al Quoz timagona anthu asanu ndi mmodzi. Amene amagona pansi pa bedi langa ndi bambo wa ku Nepal, ndimamutchula kuti Dai, kumene kuli kunena kuti achimwene m'chinenero chawo. Ndi amene anandiphikira phala nditadwala chaka changa choyamba. Kwa zaka zitatu ankandionetsa zithunzi za kwawo, ine n'kumamuonetsa za phiri la Mulanje, tikumakangana kuti phiri lenileni ndi liti. Tsiku lina anangoti, chaka chino ndikupita ku Dashain, tiye ukaone wekha, ukagona kwathu, ukadya kwathu. Matikiti tinagula kudakali miyezi itatu, chifukwa nthawi ya chikondwereroyi ikayandikira amakwera mtengo, aliyense akufuna kupita kwawo.

Kwathu Okutobala ndi mwezi wa ng'amba, fumbi lokhalokha, anthu ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza, maso kumwamba kudikira chizimalupsa. Kuno ndi pamene kutentha kumayamba kutisiya pang'ono, lamulo loletsa kugwira ntchito padzuwa masana limakhala litatha pa 15 Sepitembala. Koma ku Nepal mvula imagwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala, choncho Okutobala ndi Novembala ndiwo masika awo. Mpunga wacha m'minda, mapira aweramitsa mitu, mitsinje idakali ndi madzi, fumbi lonse mvula yatsuka, ndipo chisanu chenicheni sichinafike. N'chifukwa chake alendo amathamangira miyezi imeneyi. Ukapita mu Julayi ukhoza kukhala sabata pansi pa phiri osaliona, mitambo yokhayokha, monga mmene Mulanje amabisalira chiperoni chikabwera.

Pandege ndi maola anayi ndi pang'ono basi, kufupi kuposa kwathu. Viza ndinagulira pa bwalo la ndege la Tribhuvan ku Kathmandu, madola 30 ya masiku 15. Wotchi yawo ili patsogolo pa ya Dubai ndi ola limodzi ndi mphindi 45, musandifunse kuti mphindizo anazitenga kuti. Chimene chinandigwira mtima pofika si mapiri ayi, koma pamalo otengera katundu. Amuna mazana, aliyense akudikira bokosi la TV, bulangeti lomangidwa ndi chingwe, chikwama chotupa ngati chikufuna kuphulika. Ndinangoseka ndekha, chifukwa ndi mmene timafikira ife pa Chileka.

Kuchoka ku Kathmandu kupita ku Pokhara ndi makilomita 200 okha, koma tinayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amene munatsikapo ku Golomoti kapena ku Chiweta pa basi, tangoganizani msewu wotero tsiku lonse, kumanja thanthwe, kumanzere phompho, pansi penipeni mtsinje wa Trishuli ukuchita thovu. Ndinapemphera mapemphero onse amene amayi munandiphunzitsa.

Tinafika kutada, sindinaone kanthu. M'mawa Dai anandidzutsa kusanache bwino, anati tuluka. Abale anga, ine ndinabadwira pansi pa phiri, ndimati phiri ndimalidziwa. Ndinayang'ana pamene ndimayembekeza kuti pathera phiri, panali mitengo. Ndinakweza maso, panali mitambo. Ndinakwezanso, pamwamba pa mitambopo ndi pamene panali chinthu choyera mbee, chosongoka, dzuwa litachimenya nsonga yokha chikuoneka ngati chayaka moto. Limenelo ndi Machhapuchhre, dzinalo limatanthauza mchira wa nsomba, lotalika mamita 6,993. Sapitwa wathu ndi mamita 3,002. Mutamusanjika Sapitwa pamwamba pa Sapitwa mnzake, sangafikebe. Kumbuyo kwake kuli Annapurna, mamita 8,091. Mwa mapiri 14 a padziko lapansi opitirira mamita 8,000, asanu ndi atatu ali ku Nepal kapena m'malire mwake. Mkangano wathu wa m'chipinda uja unathera pomwepo, ndinagonja.

Koma pali chimodzi chimene tinafanana. Machhapuchhre sakwerako munthu. Eni ake amati ndi phiri lopatulika. Azungu a ku Britain anayesa mu 1957, anabwerera atatsala pang'ono kufika pansonga, ndipo boma silipereka chilolezo chokwera. Nditamuuza Dai kuti dzina la Sapitwa likuchokera pa mawu akuti sapitidwa, ndiponso kuti agogo ankatiuza kuti kumeneko kuli mizimu, ukapeza chakudya chokonzedwa udye wekha osaitana mnzako, anangogwedeza mutu ngati nkhani yoidziwa kale.

Mudzi wa kwawo uli m'boma la Kaski, maola angapo pa galimoto kuchokera ku Pokhara, kenako wapansi kukwera masitepe amiyala mpaka mawondo kunjenjemera. Kumeneko ndi kumene ndinakhala masiku asanu ndi atatu, ndipo ndi kumene kuli nkhani yanga.

Amayi, anthu aja amadya nsima. Amaitcha dhido, amaphika ndi ufa wa mapira kapena wa chimanga, kuvundula ndi mthiko chimodzimodzi, kudya ndi manja. Ndiwo zake anandipatsa gundruk, masamba a mpiru owasasitsa kenako n'kuwayanika padzuwa kuti adzadye nthawi ya chisanu. Nditalawa ndinati uwu ndi mfutso, kungoti wowawasa. Mayi ake a Dai anaseka mpaka misozi poona mmene ndimatemera mbamu, anati mlendo wotere sanamuonepo, azungu amapempha supuni. Katundu amanyamula m'dengu lalikulu lotchedwa doko, kumsana, lamba wake atakoleka pamphumi. Gogo wa msinkhu wanu amayi anandipitirira pachitunda atasenza udzu wa njati, ine ndili wefuwefu chimanjamanja.

Dashain ndi chikondwerero cha masiku 15, chachikulu kuposa zonse kwawo. Amapha mbuzi, ana amaulutsa makaiti, pabwalo amamanga katungwe wamtali wa nsungwi. Tsiku lakhumi, limene chaka chimenecho linali pa 24 Okutobala, akuluakulu amakhala pansi, ana ndi adzukulu amabwera mmodzimmodzi, n'kuwamata pamphumi mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi utoto wofiira, amati tika, kuwapatsa timbewu tanthete tachikasu tomera m'nyumba, ndi kuwadalitsa. Nanenso anandiitana. Ndine mkhristu ndipo ndinabwerako ndili mkhristu, amayi musade nkhawa. Koma mayi wokalamba akakuika dzanja pamutu n'kukufunira moyo wautali ndi ulendo wabwino, sindikudziwa kuti ndi mwana wa ndani amene angathawe.

Tsopano zimene sindinakuuzeni nthawi ija. M'mudzi muja nyumba zambiri ndi zasimenti, zamalata, zina zosanja. Ndalama za ku Qatar, ku Malaysia, ku Saudi Arabia, kuno ku Dubai. Ndalama zimene anthu a ku Nepal ogwira ntchito kunja amatumiza kwawo zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse cha dzikolo. Koma m'nyumbamo muli agogo, amayi ndi ana. Dai anandiloza nyumba imodzimodzi: uyu ali ku Doha, uyu ali ku Kuala Lumpur, uyu anabwera m'bokosi. Titafika pakhomo pake, mwana wake wa zaka zisanu anathawira kumbuyo kwa mayi ake. Bambo ake amawadziwa pa foni. Bambo wa thupi, wa ndevu, wonunkha thukuta la ulendo, sankamudziwa. Zinatenga masiku atatu kuti alole kunyamulidwa. Ndipo mayi ake a Dai, katundu yense uja atamasulidwa, nsalu, foni, mafuta, sanayang'aneko kawiri. Anamugwira mwana wawo kumaso n'kumukalipira. Pambuyo pake Dai anandimasulira: akuti zaka ziwiri sunabwere kudzalandira tika chifukwa umati ulibe chonyamula, kodi ine ndinabereka chikwama?

Usiku umenewo sindinagone. Ndinkaganiza za mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zinayi.

Malume, funso lanu linali lakuti, ngati unali ndi ndalama yokwerera ndege, bwanji sunabwere kwanu? Ndi funso labwino ndipo ndiliyankha mosabisa. Kubwera kwathu si tikiti yokha, ngakhale tikitiyo payokha, yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, inali yodula kuposa ulendo wonse wa ku Nepal kuphatikiza viza, basi ndi mbuzi imene tinasonkherana. Kubwera kwathu ndi mafoni, nsapato za ana a achemwali, mafuta onunkhira a alamu, wotchi ya malume. Ndi anthu amene umawapeza pakhonde m'mawa uliwonse usanasukusule, aliyense ndi vuto lake, ndipo mavutowo ndi enieni, sindikunena kuti amanama. Ndi dzina lija lakuti "wa ku Dubai", limene limakweza mtengo wa chilichonse kuyambira kabaza mpaka nkhuku. Nditabwera mu 2022 ndinali ndi masiku 30, ndalama inatha tsiku la 12. Masiku otsalawo ndinkabisala m'nyumba ngati wakuba, ndipo nditabwerera kuno ndinabweza ngongole miyezi inayi. Palibe amene ndinamuuza. Ife a kunja tili ndi bodza limene timalisamala tokha: timajambulitsa pafupi ndi Burj Khalifa, osati pa mzere wodikira bafa ku kampu. Ndiye mlandu si wanu nokha, ndi wathunso.

Koma zoona zake n'zakuti kwathu kwasanduka malo odula kwambiri amene mwana wa kwathu angapiteko. Ndipo anzanga amene mukuwerenga muli ku Sonapur, ku Jebel Ali kapena ku Joni, mukudziwa anthu amene atha zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri osaponda kwawo, osati chifukwa chosowa tikiti, koma manyazi ofika chimanjamanja. Amadzapita pa maliro.

Pali pamene malume munalondola, ndipo ndivomera. Okutobala ndi mwezi woipa kuti munthu wa kwathu aziseweretsa ndalama. Ndi mwezi wa feteleza ndi mbewu, fizi ya teremu yoyamba isanaiwalike n'komwe. Masika a ku Nepal amagundana ndi nthawi imene munda wathu ukufuna ndalama, ndipo palibe chimene ndingachite kuti ndisunthe nyengo. Komanso nditangobwerako, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse kumudzi zinakwera, ndipo ulendo wanga unaoneka woipa kuposa mmene unalili. Koma achemwali ndinu mboni: ya feteleza ndinatumiza ndisanakwere ndege, matumba onse amene tinagwirizana. Imene ndinayendera inali ya maovataimu a miyezi isanu ndi umodzi. Sindinadye ya munthu.

Chimene ndikukana ndi ganizo lakuti dirham iliyonse imene mwana wa kunja sanatumize, waba. Munthu amene amaima maola khumi ndi awiri, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, m'dziko limene ngakhale usiku mphepo imawotcha, akapempha sabata ziwiri zoti akaone udzu wobiriwira ndi kumva kuzizira kosachokera m'makina, si matenda. Ng'ombe ya pangolo nayonso amaimasula goli. Ndaona anzathu amene sanadzipatsepo kanthu, zonse kutumiza, mpaka tsiku lina mutu unangosokonekera, kapena anayamba kumwa mobisa, kontrakiti n'kuthera panjira. Pamenepo ndiye kumudzi kunalibenso cholandira.

Ndinaphunziranso china chimene sindikanachiona pa foni. Chaka chomwecho, mu Malichi 2023, Freddy anali atatipweteka, mukukumbuka mmene matope ndi miyala zinatsikira ku Soche n'kukwirira Chilobwe, ndi zimene zinachitika kwathu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Akuluakulu munakumbukira napolo wa 1991. Ndiye ndinapita ku Nepal maso anga ali pa mapiri ngati munthu wolumidwapo. Minda yawo yonse ndi yamasitepe, kuyambira kumtsinje mpaka kumtunda, khoma lililonse lomangidwa ndi miyala pamanja, madzi akamatsika amapuma pa sitepe iliyonse. Pamwamba pa minda pali nkhalango, ndipo nkhalangoyo ndi ya mudzi. Lamulo lawo la nkhalango la 1993 linapereka mphamvu kwa magulu a m'midzi kuti aziyang'anira okha, kugwirizana tsiku lotola nkhuni, mtengo woti udulidwe, ndi chindapusa cha wakuba. Ofufuza pogwiritsa ntchito zithunzi za m'mlengalenga anapeza kuti nkhalango zinakula kuchoka pa 26 peresenti ya dzikolo mu 1992 kufika pa 45 peresenti mu 2016. Ife m'zaka zomwezo tinali kumaliza mikungudza ya pa Mulanje ndi kutsitsa makala panjinga.

Musaganize kuti ndikuti kumeneko ndi kumwamba. Dai yemweyo anandiuza kuti mitengo ina yamera m'minda imene yasowa woilima, eni ake tili nawo kuno tikunyamula makatoni. Mapiri awo amaphabe anthu, mu Sepitembala 2024 madzi osefukira ndi zigumukire zinapha anthu oposa 200, ndipo chivomerezi cha mu Epulo 2015 chinapha pafupifupi 9,000. Umphawi ulipo, wooneka ndi maso. Koma ndinaona kuti phiri lometedwa likhoza kumeranso tsitsi anthu a pansi pake akagwirizana, ndipo ndinayamba kuchita manyazi ndi matumba a makala amene ndinkagula pa Chitakale osafunsa kumene achokera.

Manyazi ena ndi awa. Ndinakula ndikuona azungu akutsika galimoto pa Likhubula, kulemba anyamata onyamula katundu, n'kuyamba kukwera. Tinkawaseka kuti ali ndi ndalama zosowa nazo chochita, munthu kulipira kuti atope. Ine malire anga anali pa Dziwe la Nkhalamba. Ndinachita kukwera ndege kupita dziko la eni kuti ndimvetse chimene ankafuna. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika a padziko lonse, ndipo ine mwini wake, wobadwira pamenepo, sindinagonepo ku Chambe kapena ku Lichenya ngakhale usiku umodzi.

Mphwanga, kwa iwe ndinena izi pamaso pa onse. Pita. Ku Georgia nakonso Okutobala ndi masika, ndi nthawi imene amathyola mphesa, ndipo kumtunda ku Kazbegi kumakhala kutayamba kuzizira kwambiri, ugule jekete yeniyeni osati ija umavala mu basi. Koma uyambe watumiza ya feteleza, ndipo usakongole ngakhale dirham imodzi chifukwa cha ulendo. Za viza ufufuze wekha pa intaneti pa tsamba la boma lawo sabata yomwe ukugula tikiti, chifukwa malamulo a anthu okhala ndi chitupa cha kuno amasinthasintha, usadalire zimene wamva ku kampu. Safunsa anadya phula. Pasipoti ikhale m'manja mwako, lamulo la kuno silimulola bwana kuisunga iwe usakufuna. Ubwerere kudakali masiku awiri tchuthi chisanathe. Ndipo ngati pali mnzako wa kuntchito amene angakutengere kwawo, kaya ku Nepal, kaya kwina, sankha kumeneko kusiyana ndi hotela. Timagona ndi anthuwa chipinda chimodzi zaka ndi zaka, timawatchula ndi dzina la dziko lawo ngati alibe amayi awo.

Kwa inu a kumudzi pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lomwe mayi a Dai anandiphunzitsa osadziwa. Tchuthi chikubwerachi ndikufuna kubwera. Ndibwera ndi chikwama chimodzi cha zovala zanga, mankhwala a amayi, ndi nsapato za sukulu za mwana. Wotchi palibe, mafoni palibe. Amene adzakhumudwe akhumudwiretu panopa kuti ndikadzafika tidzangocheza. Mukandilola kufika chotero, ndikhoza kumabwera chaka ndi chaka m'malo modikira zaka ziwiri, ndipo mwanayo sadzandithawa. Malume, ngati mawondo akulolani, ndikufuna tidzakwere limodzi mpaka ku Chambe, ine ndidzanyamula kamba. Mukakana ndidzapita ndi mdzukulu wanu.

Amayi, ya kuchipatala nditumiza Lachisanu tikalandira, achemwali adzakuuzani ikafika. Dai akupereka moni, akuti mumusungire mfutso wa nkhwani alawe, ndamuuza kuti ndi wokoma kuposa wawo ndipo mkangano wina wayambika.

Ndine mwana wanu,
wa ku Al Quoz